Mpeni umene apongozi analanda

Akulu amene ndimayandikana nawo nyumba kuno m'tauni ya Kauhava amasula mipeni yoyenda nayo m'chiuno yotchedwa puukko. Ndi aukali, ndipo ine ndimawakondera zomwezo. Moni wawo ndi kugwedeza mutu basi. Ukawapempha kuti akugulitse mpeni amakukalipira: "Ndikuoneka ngati sitolo ine?" Koma akakukhulupirira amakupatsa okha, chogwirira chili kwa iwe, nsonga ikuloza pamimba pawo. Amati, "Amene ndam'patsa mpeni ndingathe kumufulatira popanda mantha."

Mkamwini wawo, Rauno, anamupatsa mpeni wotero pa tsiku la ukwati. Chisanu chathachi mwana wawo Inkeri, mkazi wa Raunoyo, anabwera kwa bambo akewo diso lili lotupa, n'kumati waterereka pa madzi oundana. Akuluwo sanafunse kawiri. Anandiuza kuti ndiwaperekeze pa galimoto yanga, ndipo njira yonse ankapuma ngati mvukuto. Rauno tinamupeza akuwaza nkhuni za sauna, kanyumba kosambiramo nthunzi, mpeni uja uli m'chiuno.

"Aa, apongozi! Lowani, khofi ali pamoto."

"Khofi wakoyo umwe wekha, galu iwe. Bweretsa mpeni wanga."

"Si munandipatsa nokha?"

"Ine ndinapatsa munthu. Ali kuti munthuyo?"

Rauno anayamba kumasula lamba. Akuluwo anangosolola mpeni wokhawo.

"Chimakecho sunga. Uziyenda nacho chopanda kanthu, aliyense m'tauni muno azikufunsa kumene kwapita mpeni."

Inkeri sanabwererekonso kubanjako, ndipo Rauno lamba uja savalanso.