Boneti Yomanga ndi Waya

Ndikukumbukira galimoto imene inakhala kuseri kwa nyumba yathu, kumudzi kwa amayi pafupi ndi Chonde, ubwana wanga wonse osasuntha ngakhale pang'ono. Inali ya ababa. Iwo ankagwira ntchito kugalaja ya esiteti ya tiyi, ndipo mzungu wina pobwerera kwawo anawasiyira chigalimoto chimenechi. Chinabwera chokokedwa ndi thalakitala, chopanda matayala, n'kuchikhazika chamimba pansi pa mtengo wa mapeyala. Mpaka lero ndikamva fungo la chikopa chonyowa ndi dzimbiri, ndimaona mipando yake yofiira ija, ine nditakakamira chiwongolero, ndikupita ku Limbe ndi pakamwa.

Dzina lake palibe ankalidziwa, poti tizitsulo ta dzina mzungu uja anagulula. Ndiye Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, mkangano unkabuka. Amalume a Dinesi, achimwene a amayi, ankati ndi Zefa wamba, yonga imene ankakwera ali ku Halale. A Mulinga, atelala a pa Chonde, ankadziguguda pachifuwa kuti magetsi akumbuyowo ndi a Zodiyaki basi. Ababa ankangowaseka. Kwa iwo inali galimoto ya mpikisano, injini yake ya masilinda eyiti, ndipo ati ikamakwera phiri la Zomba anyani ankagwa m'mitengo ndi mantha. Masiku amenewo nkhani za boma sunkazitchula ngakhale kwa m'bale wako, choncho ukali wonse wa azibambowa unkathera pa galimotoyi mpaka thobwa kutha m'chidebe.

Ine chimene chinkandisowetsa mtendere chinali injiniyo. Silinda n'chiyani? M'mutu mwanga ndinkaona timiphika tachitsulo titandandalika, tikuwira. Koma boneti ababa anaimanga ndi waya, ati chinyezi cha chiperoni chimawononga injini za mpikisano. Ndinayesa kusuzumira m'ming'alu, ndinayesa kununkhiza, osaona kanthu koma mdima.

Ababa anali mkamwini, kwawo kunali ku Chiradzulu. Chaka china amayi aang'ono anadandaula kuti malo achepa, chitsulocho chichoke adzalepo chinangwa, ndipo osula mbaula a pa Chinakanaka ankachifuna. Nkhani inapita kwa amalume monga eni mbumba. Iwo anagamula kuti Lamulungu likudzalo boneti itsegulidwe pamaso pa onse: mukapezeka injini ya mpikisano galimoto ikhala, mukapezeka ya Zefa ipite. Sabata imeneyo ababa sankadya bwino. Akaweruka kuntchito ankangopukuta magalasi a galimotoyo ndi kansanza. Zinandimvetsa chisoni, komanso ndisanamize, ndinkakondwa kuti ndiona masilinda.

Sindinathe kudikira. Loweruka masana ndinamva nkhuku yathu yamawanga, imene inali itasowa, ikulira m'kati mwa boneti. Ndinati ichi ndiye chifukwa chokwanira. Ndinamasula waya uja mpaka zala kuwawa, n'kutukula chitsulocho ndi mutu.

Mayo ine! Munalibe kanthu. Munali udzu wouma, dothi lofiira, ndi nkhuku ija itakhalira mazira, ikundiyang'ana ngati ndalowa m'nyumba ya eni osaodira. Ndinafufuza ndi maso uku ndi uku, poganiza kuti mwina injini za mpikisano zimakhala zazing'ono. Kenako boneti inapepuka pamutu panga. Anali amalume, khasu lili paphewa, ataigwira ndi dzanja limodzi.

Anayang'ana m'menemo nthawi yaitali. Tsopano ndinamvetsa chimene chinkawakanikitsa ababa kudya. Amalume anatsitsa boneti pang'onopang'ono, namanganso waya monga momwe unalili.

"Esinati, isiye nkhukuyo ifungatire. Tiye, uzipita kwa amako."

Lamulungu anthu anadzaza pansi pa mapeyala. A Mulinga anabwera atavala tayi. Ababa anaima pambali, manja kumbuyo. Amalume anakhosomola.

"Palibe chifukwa chotsegulira. Ndinatsegula ndekha dzulo, ndipo ndaiona ndi maso angawa. Injini yotere sitingapatse osula mbaula. Galimoto ikhala." Anatembenukira kwa ababa. "Koma alamu, bodza lanu lichepe. Masilindawo ndi sikisi, osati eyiti."

Ababa anawayang'ana, amalume nawonso osaphethira.

"Alamu," anatero ababa, "simunawerenge bwino. Awiri ali kunsi."

Basi mkangano unayambiranso pomwepo, waukulu kuposa kale, a Mulinga akufuula za Zodiyaki yawo popanda wowamvera. Amayi aang'ono anakwiya mwezi wathunthu, chinangwa chawo anakadzala kudimba. Nkhuku inaswa bwinobwino, anapiye n'kumatulukira kunsi kwa galimoto ya mpikisano.

Lero zinthu zinasintha. Adzukulu anga akaona galimoto yachilendo amangoiloza ndi foni, dzina n'kutuluka, mkangano n'kuthera pomwepo usanakome n'komwe. Ambiri a iwo akukhala m'tauni, m'nyumba za lendi, ndipo za chikamwini amazimva ngati nthano. Galimoto ija inadyeka ndi dzimbiri ababa atamwalira, ndipo sindikudziwabe kuti inali yamtundu wanji.

Amalume atakalamba, ndikuwameta tsitsi pakhonde, ndinawafunsa chifukwa chimene ananamira mbumba yawo yonse tsiku lija.

"Mwana iwe," anatero, "munda unali wathu. Nyumba inali pamalo pathu. Ngakhale iweyo unali wathu. Ukanafuna bambo ako atsale ndi chiyani?"