Mabisiketi Ouma a Bambo Fosco

Inu amene mukuona ngati abale anu anakutayani, imvani za Bambo Fosco a mu mzinda wa Prato.

Tsiku la ubatizo wa mdzukulu wawo analowa m'tchalitchi ali dzandidzandi, n'kugwera pa benchi anthu onse akuona. Mowawo anauyamba akazi awo, Mayi Dina, atamwalira, ndipo ntchito ya kufakitale ya nsalu inathera momwemo. Mwana wawo wamkazi Ilaria sanakalipe. Anangowatulutsa panja n'kunena kuti, "Bambo, mwana wangayu simudzamunyamulanso mpaka mutasiya botolo."

Kusiyako sikunali kwa tsiku limodzi ayi. Anasiya, anayambiranso, anasiyanso. Chowasautsa chinali manja, omwe ankangonjenjemera kufuna chogwira. Ndiye anakumbukira mabisiketi a mtedza wa alimondi omwe malemu ankagawira anansi Loweruka lililonse: kukanda ufa wa tirigu ndi mazira ndi shuga, kuumba ngati chipika, kuwotcha, kudula zidutswa, n'kubwezeranso mu uvuni kuti ziume gwa.

Oyambawo anapserera. Mayi Nives a khomo loyang'anana ndi lawo anafika akutsokomola ndi utsi.

"Fosco, mwayamba liti kuwotcha njerwa? Dulani akadali ofunda, bambo inu! Dina akanakuthamangitsani m'khitchini muno."

Anaphikanso, n'kuphikanso, mpaka analongosoka. Kenako anayamba kugogoda makomo mbale ya mabisiketi ili m'manja, manyazi ali tho. Kwathu kuno mbale sibwerera yopanda kanthu, choncho zawo zinayamba kubwera ndi nkhuyu, tomato, pena kabotolo ka mafuta. Anthu omwe ankawalambalala pa masitepe anayamba kuwapatsa moni.

Koma mbale imene ankasiya pakhomo pa Ilaria inkabwera yotsukidwa bwino, ili mbee. Inkawapweteka mbale imeneyo. Ankaikhazika patebulo n'kumaiyang'ana, akudzifunsa ngati mdzukuluyo wamera mano, ngati wayamba kuyenda, ngati amadziwa n'komwe kuti ali ndi agogo. Anamusowa mwanayo koopsa, komabe Loweruka likafika ankakasiya ina.

Chilimwe china anansi anayala matebulo pabwalo kuti adyere pamodzi. Atatha kudya, mabisiketi a Bambo Fosco anazungulira, ndipo aliyense anayamba kusunsa mu vinyo wotsekemera monga timachitira. Bambo Duilio, munthu wa nthabwala zosadziwa polekera, anadzaza tambula n'kuwakankhira.

"M'bale wanga, bisiketi youma ngati imeneyi ndi chilango. Kusunsa si kumwa, ngakhale wansembe angakuuzeni!"

Fungo la vinyo linawalowa m'mphuno. Bambo Fosco anakankhira tambula ija kumbali, anatenga bisiketi youma n'kuiluma. Panamveka kuti khwa! Chimene chinathyoka sichinali bisiketi. Analavulira dzino m'dzanja, analiyang'ana, n'kunena kuti:

"Mano ndikadali nawo angapo, Duilio. Mdzukulu ndili naye mmodzi."

Sankadziwa kuti Ilaria anali ataima pachipata. Mayi Nives anakhala akumunyengerera kwa nthawi yaitali kuti adzadzionere yekha, ndipo tsikulo anabweradi, mbale ija ili m'manja, kamtsikana kake katagwira siketi yake.

Ilaria analowa m'nyumba ya Mayi Nives, anatuluka ndi kapu ya mkaka itakhala pa mbale ija, n'kuiika patsogolo pa bambo ake.

"Sunsani umu, Bambo, musanatsale ndi usinini wokhawokha." Kenako ananyamula mwanayo n'kumukhazika pamiyendo pawo. "Agogo ako ndi awa. Ndi amene amaphika mabisiketi umalirira aja."

Kamtsikanako kanasunsa bisiketi mumkaka n'kuwadyetsa. Bambo Fosco analira osabisa, ndipo manja awo, omwe anagwira mwanayo, sanali kunjenjemera.

Lero mabisiketi awo amadyedwa pa maubatizo ndi maukwati a m'deralo, ndipo Loweruka mbale ija Ilaria amabwera nayo yekha.

M'bale wanga, mwina nawenso mbale yako ikubwerera yopanda kanthu, ndipo ukuganiza zoleka. Amene ukumulakalakayo mwina akutsuka mbaleyo akulingalira za iwe. Mtima usakuthere panjira. Loweruka likubwerali, kandanso ufa, ukagogodenso.