Maola asanu ochokera ku Dubai

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, nditangochoka kwathu ku Dedza kudzakhala nawo pa Karonga Boma. Inali ya m'kashopu ka intaneti ka mayi Msukwa: makompyuta atatu, makina a sikana ndi fotokope yokonda kutafuna mapepala. Ndinkalembera anthu mafomu ndi kuwatsegulira WhatsApp amene analibe foni yaikulu. Ndinali ndi matama, chifukwa chilichonse chimene munthu wafunsa, kompyuta inkandiyankhira.

Lolemba lina kunabwera a Mwalwimba, msodzi wa ku Ngara. Mwana wawo Tusekile ankalera ana a banja lina ku Dubai, ndipo ankawatumizira mauthenga kudzera pa kompyuta yathu. Tsikulo uthenga unati mabwana ake akupita naye kutchuthi ku Santorini, chilumba cha ku Greece, pa ndege yonyamuka naini koloko m'mawa womwewo, nthawi ya kumeneko.

"Mwana wane, ni kutali uli?" anafunsa, Chitumbuka chikulowerera. "Pakati pali madzi?"

Ndinatsegula mapu, n'kukoka mzere kuchoka m'chipululu cha Dubai mpaka pakachilumbako. Makilomita oposa zikwi zitatu, maola ngati asanu pa ndege. Ndinachotsera maola awiri amene Dubai ali patsogolo pathu, n'kunena monyada kuti, "Adada, ikamakwana thwelofu koloko akhala atatera."

Atatuluka, mayi Msukwa anandiyang'ana. "Msodzi sumupatsa ola. Likangodutsa, amayamba kuganiza za maliro."

Thwelofu inadutsa. Lachiwiri lonse kunali zii. Lachitatu m'mawa ndinapeza a Mwalwimba atakhala pakhonde, chipewa chili m'manja. Anati kunyumba abale ayamba kale kusonkhana, ndipo mayi ake a Tusekile sakudya.

Ndinachita mantha osaneneka. Ndinafufuza nkhani za ngozi za ndege, osapeza kanthu. Ndinaimba nambala ya Tusekile kakhumi, uthenga uliwonse ukungoonetsa kachizindikiro kamodzi kotuwa kosonyeza kuti sunafike. Ndinalephera ngakhale kulemba pasiwedi yangayanga. Makasitomala a fotokope ndinkangowauza kuti makina afa. Bambo aja sanandikalipire, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri. Ankangoyang'ana mzere uja pa sikirini, pamene ukudutsa panyanja.

Cha m'ma 3 koloko kompyuta inalira. Anali Tusekile, akunong'ona, ana akuphokosera kumbuyo. Anati ndege inatera nthawi yomwe ndinanena ija. Koma madamu, mkazi wa bwana wake, anamulanda foni pabwalo la ndege kuti asathawe ku Ulaya, n'kuiika m'chikwama momwe mwakhala pasipoti yake chifikireni ku Dubai. Apa anali atangoiba foniyo madamu akusamba. "Adada, nkhukhumba kuwerako," anatero. Ankatanthauza kuti akufuna kubwerera kwawo. Foni inaduka.

A Mwalwimba anasendeza mpando kufupi ndi ine.

"Kokanso mzere uja, mwana wane. Kuchoka kumeneko kubwera kuno ndi maola angati?"

Ndikanatha kuwauza. Koma ndinadziwa kuti wopanda pasipoti m'manja sakwera ndege iliyonse, ndipo sindinagwire mausi ya kompyutayo.

Ndinakhala pashopupo zaka zinayi. Makolo ambiri ankabwera kudzafunsa kutalika kwa mayiko kumene ana awo akugwira ntchito. Ndisanatsegule mapu, ndinkayamba ndawafunsa kuti pasipoti ya mwanayo ikusungidwa ndi ndani. Ambiri sankadziwa.