Hamala pa Wilibala ya Ba Rhoda

Ku komboni ya Kanyama madzi a mvula akaphwa anthu amati tapulumuka. Ba Rhoda akamva zimenezi amangopukusa mutu. Amadziwa kuti chinyezi chimatsalira m'makoma, ndipo pakatha milungu iwiri chimabala chuku chakuda, chaubweya, chonunkha ngati sokosi yoiwalika m'gambutsi.

Mayi amenewa anagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi zaka zisanu ndi zinayi, mpaka mabwana awo atasamuka. Kumeneko ndiko anaphunzira kuti chuku sapukuta ndi kansanza, amachita kupala. Mwana wawo Justina anakulira m'chipinda chachuku, ndipo mpaka lero akathamanga pang'ono chifuwa chimalira ngati wezulo. Ntchito itatha anapita m'tauni kukagula zida zoti azichotsera chuku m'nyumba za anthu: mabaketi awiri, burashi yawaya, chopalira, magolovesi ofika m'zigongono, magambutsi, chigubu cha jiki ndi thumba la laimu. Mamasiki anali otsala a nthawi ya korona. Anakweza zonse pa wilibala, nalemba nambala ya foni pa katoni.

Woyamba kuwaitana anali Ba Edwell, eni zipinda zisanu za lendi kuseri kwa msika. Anati chipinda chakumapeto chikungofuna kuchitsitsimutsa, chifukwa Loweruka mulowa Mwiche, mtsikana wa khanda la milungu itatu. Tsikulo linali Lachinayi.

Chitseko chitatseguka, fungo linaboola masiki n'kukakhala pakhosi. Koma makoma ankaoneka bwino, omatidwa pepala lapulasitiki la maluwa ofiira. Windo linali lotsekedwa ndi mabuloko, kabowo ka mpweya atakatsindira thumba la simenti. Ba Rhoda analowetsa chopalira pakona n'kukoka. Pepala linamatuka likulira ngati phazi lochoka m'matope. Kuseri kwake kunali chuku chonenepa ngati ubweya wa mphaka wakufa, china chobiriwira, chikuchucha madzi, mphemvu zili balalabalala. Pansi pa chukucho panali manyuzipepala owola, pansi pake laimu wakale, pansi pakenso chuku china. Aliyense wobwera ankangophimba uve wa mnzake. Ba Rhoda anathamangira panja kukalavula.

Ba Edwell anali chiimire patali, mphuno atatseka ndi kolala.

"Ba mayo, musavutike. Pakani chabe laimu pamwamba, mailo pa Chisanu tizamata pepala yanyowani. Bonse banankhalamo, palibe anafa."

"Nanga banachokeramo chani?"

Ba Edwell anati alendi a masiku ano ndi osayamika.

Ba Rhoda anapala tsiku lonse. Anataya mabaketi asanu ndi limodzi a madzi akuda bii, maso akuwawa ndi jiki. Pomaliza anagunda khoma ndi chikhatho, golovesi n'kubwerako yonyowa. Apa anaona kuti pa zida zonse anagula zija panalibe choumitsa chipinda chopanda mpweya. Chuku chikanabwerera mwezi usanathe. Atapempha kuti windo litsegulidwe, Ba Edwell anakana, ati bakawalala angalowere pomwepo kudzaba.

Lachisanu m'mawa Mwiche anabwera kudzaona chipinda, khanda lili kumbuyo. Anakondwa kuti makoma ayera, nalozera kona ija kuti matiresi adzayala pamenepo. Kamwanako kanayetsemula kawiri, kenako kanakhosomola. Ba Rhoda anayang'ana timphuno take, anakumbukira Justina, ndipo anavula magolovesi. Anapita kwa Ba Jameson owotcherera zitsulo pamsewu n'kubwereka hamala yaikulu.

Buloko loyamba la pawindo litagwa, Ba Edwell anatulukira ali mu vesiti, sopo ali kumasaya. Analumbira kuti auza Kanyama yense kuti mayi uyu ndi wogumula nyumba za eni, ndipo sadzaitanidwanso pena paliponse. Iyi inali ntchito yoyamba ya Ba Rhoda. Komabe analozera mulu wa zonyansa umene anaunjika pakhomo, ntchentche zikuuzungulira.

"Kauzeni, ba landilodi. Na ine nizabaonesa vamene napeza kumbuyo kwa maluba yanu."

Alendi a zipinda zina zija anali atatuluka kale. Anayang'ana muluwo, nayang'anana. Makoma awo onse anali a maluwa ofiira omwewo. Mayi wina analowa m'chipinda mwake, kunamveka pepala likung'ambika, kenako anatuluka atagwira pakamwa. Ba Edwell anapukuta sopo uja n'kubwerera m'nyumba.

Mwiche anakakhala kaye kwa azakhali ake ku komboni ya George masiku khumi, mpaka khoma litauma n'kupakidwa laimu, Ba Jameson atawotchereranso zitsulo pawindo. Khanda linalowa m'chipinda chopita mphepo.

Ba Rhoda anatha masiku awiri chakudya chikuwakanika, fungo lija lisakuchoka m'mphuno. Ba Edwell mpaka pano sawapatsa moni. Koma mukakumana ndi wilibala yawo m'tinjira ta Kanyama, pamwamba pa mabaketi ndi burashi pamakhala hamala, ndipo tsopano ndi yawoyawo.