Ufisi wanga wa ku masanje

Ndikukumbukira bwinobwino, Thoko. Lemba pafoni yakoyo, koma uyambe wachepetsa chimphepo chozizira cha makinachi, mafupa anga si a kuno ku Dubai. Yandikumbutsa ndi nkhani wabwera nayo kuntchito ija, yoti madamu ako achijeremani okhala ku dera la JLT apeza mapepala akalekale a kwawo, momwe agogo a agogo awo ankapempha boma chilolezo chokhala m'mudzi ndi chokwatira. Eti ankawazunguza, lero chasowa ichi, mawa chasowa icho? Ukawauze kuti zimenezo ine ndinazionera ku masanje.

Zaka sindikudziwa, koma mano akutsogolowa anali atangogweluka. Tinali obwera, titangosamukira kwawo kwa bambo anga ku Dedza. Anthu akakolola, ana ankamanga tinyumba ta mapesi m'munda n'kumaphika zokunkha, uyu mwamuna, uyu mkazi. Wolamula zonse anali Ketelesi, mtsikana wamkulu kuposa tonse, mawu ngati belu la kutchalitchi.

Ndinapita ndi kamphika kanga, kugwada ndithu.

"Zikomo a Ketelesi, ndimafuna malo omangapo."

"Mwamuna wako ndani?"

"Ndilibe."

"Malo timapatsa apabanja."

"Ndiye mundipatse mwamuna."

"Azikagona kuti poti nyumba ulibe? Iwe ukhale fisi."

Fisi, mwanawe, ndi mwana wotsala wopanda mnzake. Ntchito yake n'kukhala kuseri kwa chulu kumalira kuti uuwi! anzake akudya. Ndinamupititsira mtedza Ketelesi uja, anatafuna, akuti ayambe waganiza. Ndinamutungira madzi, akuti ndibwere mawa. Mawa lakelo akuti nkhani yanga ili m'manja mwa amalume. Amalumewo kamnyamata ka kabudula wong'ambika kumbuyo, nako kakuti tionana.

Ndinafika kunyumba mamina ali chuchuchu. Amayi ankapeta mphale, osaleka n'komwe.

"Akupatsa udindo wanji?"

"Ufisi."

"Nanga fisi amagwada? Unamuonapo fisi akupereka mtedza? Pita ukagwire ntchito imene akupatsayo."

Aa! Kutacha ndinadzipaka phulusa madonthomadontho thupi lonse, n'kukabisala. Ndinadikira ndiwo zipse, akazi apite kukaitana amuna awo kokumba mbewa. Ndinayambira kwa Ketelesi komweko. Mbewa zootcha, zonona, ndinangomusiyira michira. Kwa oyandikana naye ndinanyamula nkhwani wotendera ndi mphika womwe. Kwinako ziwala. Ndili pamwamba pa chulu, mafuta ali ngwee pakamwa, ndinalira uuwi! wa mtima wonse.

Anandithamangitsa, koma ine nthawi imeneyo miyendoyi inali miyendo, osati izi zokanika masitepe a kokwerera sitima ya Metro. Kukandinenera kwa akuluakulu sakanatha, poti ufisiwo anandipatsa okha. Tsiku lina chomwecho, linzakenso chomwecho. Anyamata anayamba kunyanyala kuti sangamakumbire mbewa fisi. Kunali kulozana zala, wina akuti mkazi wake ndi wosasamala, wina wapasula kanyumba kake wabwerera kwa amake. Maukwati anayamba kutha, Thoko, mudzi wathunthu!

Ndiye ndikungoona Ketelesi akubwera kuchulu kuja, amalume a kabudula aja ali pambuyo, akuomba m'manja mwaulemu.

"Odi kuno! Nkhani yanu ija yatheka. Malo alipo, mwamunanso wapezeka, Yotamu."

"Yotamu si uja munamupatsa udindo wa galu m'mudzi muno?"

"Tamukweza."

Malo anandipatsa pafupi ndi khomo la Ketelesi penipeni, kuti azindiona. Yotamu anandimangira kanyumba kopendekeka, koma khalidwe la ugalu silinamuchoke, ndikamuitana kudzadya ankabwera akuthamanga lilime lili panja. Iwe, usalembe kuti anali agogo ako aamuna! Ukwati umenewo unagwa ndi mvula yoyamba, pamodzi ndi nyumba yake.

Ndakalamba ndikugwadira anthu m'maofesi, ndipo kugwada sindikunyoza ayi, ulemu ndi wabwino. Koma chimene ndikudziwa lero n'chakuti wosunga chilolezo misozi yako saimva. Amamva mphika wake ukapepuka. Khalas, basi yatha, lemba pomwepo usiye.