Salaula ya Amai Aang'ono a ku Lusaka

Nditamaliza sukulu ya sekondale ku Lundazi, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, atate anati ndipite ku Lusaka kwa mng'ono wao ndikaphunzile kutaipa. Atate aang'onowo anali kugwila nchito pa kampani ina ya boma, ndipo kampaniyo inawapatsa nyumba ya zipinda zambili, yokhala ndi mpanda wa njelwa ndi mtengo wa mapeyala kuseli. Iwo anali munthu wofatsa, wa mau ochepa. Vuto linali mkazi wao.

Maiyu anabadwila mu Lusaka momwemo, ndipo kwa iwo dziko linathela pa mlatho wa Luangwa. Kutsidya kwake konse linali thengo. Tsiku limene ndinafika ndinagwada pakhomo ndi kuwapatsa moni monga tichitila kwathu, ndi kuwatchula kuti amai aang'ono. Anandiuza kuti ndiimilile, kuno sitigwadagwada, ndiponso ndiziwaitana kuti anti. Kenaka anayang'ana chikwama changa, chimene chinali chitafiila ndi fumbi la m'njila, nati chiyambe chakhala panja padzuwa, chifukwa nsikidzi za ku Lundazi zimayenda ulendo wautali osafa.

Dzina langa sanalitchule ngakhale kamodzi. M'nyumba imeneyo ine ndinali Lundazi. Lundazi bweletsa madzi, Lundazi kolopa apa, Lundazi usagwile wailesi ungaononge. Ana ao awili anatengela zomwezo. Anzao akabwela kudzacheza, anali kundiitana kukhichini kuti ndidzawapatse moni m'Chitumbuka, ndipo ndikati "Monile mose," onse anali kuseka mpaka kupukuta misozi. Anali kundifunsa ngati kwathu kuli magetsi, ngati tinaonapo nyumba yosanja, ngati n'zoona kuti dokotala wa pachipatala chathu amabwela kunchito pa njinga, nkhuku itamangidwa kumbuyo. Ngakhale Chipata, kumene ife tinali kupita titavala zovala za pa Sande, iwo anali kuti ndi mudzi waukulu chabe umene wina anatailamo phula mwangozi.

Iwo akamaseka, ine mumtima ndinali kuona kwathu. Ndinali kuona njinga zikutsetseleka kulowa m'boma m'mawa zitasenza matumba a nshawa ndi makala, ng'ombe za Angoni zikudutsa mseu mosafulumila, ndi msika umene amai anali ndi benchi lao la nshawa, kumene munthu sungadutse popanda wina kukufunsa kuti kunyumba auka bwanji. Mu Lusaka ndinakhala miyezi yambili osadziwa dzina la munthu wa kuseli kwa mpanda wathu.

Zonsezi ndikanazipilila, pakuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Chimene sindinakhululuke chinachitika pamene amai anga anabwela. Diso lao lakumanzele linayamba kuchita khungu, ndipo a kuchipatala kwathu anawatumiza ku Lusaka. Anafika masana atatopa ndi basi, atanyamula thumba la nshawa zosenda ndi tambala wamoyo m'dengu. Tsikulo anti anali ndi alendo pabalaza, azimai a kuchalichi kwao. Atawaona amai pageti anathamanga kukawachingamila, osati kuti awalandile, koma kuti awazungulutse nyumba ndi kuwalowetsa khomo la kuseli. Anawakhazika pa kampando ka m'khichini pafupi ndi thumba la makala, nawapatsa tiyi m'kapu imene anali kumwela bambo wodula udzu. Mmodzi wa alendo aja analowa kudzatunga madzi, nafunsa kuti awa ndani.

"Ndi mai wina wa kumudzi kwa abambo," anatelo anti. "Wabweletsa nshawa."

Amai anga amenewo ndiwo analela atate aang'ono. Agogo atamwalila, anawatenga ali mwana wa sukulu, kuwaphikila, kuwachapila, kuwasokela kabudula. Tsikulo amai anakhala pa kampandoko atagwila kapu ndi manja awili, tiyi osamwa. Masiku onse a chipatala anagona ndi ine pansi m'khichini. Pobwelela, tili pa siteshoni ya basi, anandiuza kuti atate asadzamve zimenezi. Ndinavomela ndi pakamwa, koma nkhaniyo ndinaisunga monga asungila mbeu.

Nditamaliza kosi ndinabwelela kwathu. Nchito yotaipa sinapezeke, choncho ndinakhala pa benchi la amai pamsika, iwo n'kumapumulako chifukwa cha diso. Panapita zaka zingapo. Inali nthawi imene makampani a boma anali kugulitsidwa, ena kutsekedwa, ndipo anthu ambili amene tinali kuwaona pa Khilisimasi pokha anayamba kubwela ndi katundu yense. Kampani ya atate aang'ono nayo inatsekedwa, ndipo nyumba ya mapeyala ija inapita. Anafika ku Lundazi pa lole ya fetelaiza, mipando ya sofa ili miyendo m'mwamba, anti atakhala kutsogolo atadzikulunga chitenje kumutu chifukwa cha fumbi.

Atate anawauza kuti kumudzi kwathu, cha ku Kapichila, munda wa agogo ulipo ndi nyumba yomwe. Atate aang'ono anavomela, koma anti anakana, nati iwo sangakhale kumene kulibe mpope. Anapeza tizipinda tiwili m'boma. Posapita nthawi mkulu wa anti wa ku Lusaka anawatumizila mabelo a salaula, zovala zovalidwapo kale zochokela kunja, ndipo anapatsidwa benchi pamsika, pansi pa mtengo, moyang'anana ndi lathu. Tsiku loyamba kutsegula belo, azimai anaunjikana ngati nyelele pa shuga. Zovala zinali zabwino, sindinganame. Ndinawamva anti akuuza mai wina mokweza kuti abwela kudzaphunzitsa anthu a kuno kuvala.

M'mawa mwake ndinayamba.

Pamsika pathu, makasitomala asanabwele, azimai amakhala pamodzi kusenda nshawa ndi kusankha nyemba, nkhani zili pakamwa. Wina anandifunsa kuti, iwe unakhala nao, ndi munthu wotani? Sindinaonjezele kanthu ngakhale kamodzi, chifukwa zoona zokha zinali zokwana. Ndinanena za nsikidzi zoyenda ulendo wautali, ndikutengela mau ao ndi m'mene anali kukwezela mphuno. Azimai anaseka. Tsiku lina ndinanena za dokotala wa pa njinga ndi nkhuku yake, anasekanso, koma pang'ono. Ndinali kutulutsa imodzi imodzi, monga munthu wothila mchele m'ndiwo, kulawa, kuthilanso. Nditaona kuti mitima yapsa bwino, ndinanena za amai, za khomo la kuseli, za kapu ya wodula udzu ndi za mau aja akuti mai wina wa kumudzi.

Palibe anaseka. Panali mai wina wamkulu thupi, Mngoni, wogulitsa usipa wochokela ku Malawi, amene anayamba malonda pamodzi ndi amai kale kwambili. Anaika lichelo lake pansi, napukuta manja pa chitenje, nandithokoza m'Chitumbuka, nati, "Yewo, mwana wanga. Tamva."

Sipanakhale msonkhano, ndipo palibe anauza mnzake chochita. Koma kuyambila tsiku limenelo azimai anali kupitabe ku benchi la anti monga kale. Anali kuwapatsa moni m'Chitumbuka chozama, cha kumidzi ya kutali, chimene ngakhale ine ndimachita kutchela khutu, n'kuima kudikila yankho. Anti, posadziwa Chitumbuka, anali kungomwetulila. Ndiye mai amatola delesi, kulitembenuza, kulipenyetsetsa padzuwa m'misoko monse, n'kuuza mnzake kuti tiyambe taona, nsikidzi za ku Lusaka zimayenda ulendo wautali osafa. Akatha amalipinda bwinobwino, kuliika pamalo pake, kuthokoza, n'kukagula kwa bambo wina wa salaula kumapeto kwa msika, amene zovala zake zinali zosaoneka bwino n'komwe. Nkhani inafika kuchigayo, kumpope ndi kuchalichi. Manesi ndi akazi a aphunzitsi, amene anti anali kuwadalila, anaimva kwa anchito ao. Pasanathe mwezi msika wonse unali kuwaitana kuti a Lusaka.

Palibe anawatukwana kapena kuwakwezela mtengo wa tomato. Koma akafuna kupita kuchimbudzi panalibe wowayang'anila benchi, ndipo mvula ikagwa mwadzidzidzi aliyense anali kufunda pulasitiki pa katundu wake ndi wa mnzake, iwo n'kumathamanga okha ndi zovala m'manja. Belo lachiwili linayamba kununkha chinyezi lisanatsegulidwe.

Amai atamva chimene ndinachita anakwiya kwambili. Anandiitanila kuseli kwa nyumba, nati ndawavula pamsika, chifukwa tsopano aliyense akawaona aziona munthu amene anakhazikidwa pa makala. Ndinawayankha kuti anawavula kale ku Lusaka, ine ndangoonetsa amene anachita. Sanandilankhule kwa masiku angapo. Kenaka anapita okha ku benchi la anti, msika wonse ukuona, nagula juzi yobiliwila imene sinali kuwakwana n'komwe. Azimai anawalemekeza amai chifukwa cha zimenezo, koma palibe anawatsatila.

Tsiku lina masana, msika uli zii, anti anadutsa kanjila kotilekanitsa naima pa benchi langa. Anali ataonda, tsitsi lao lopsa ndi mankhwala litayamba kumela lakwao pansi. Ananditchula dzina langa, koyamba chikhalile.

"Mwana wanga, ndinakulakwila chiyani? Sindinakudyetse m'nyumba mwanga?"

Ndinawafunsa ngati akukumbuka tsiku limene amai anabwela ndi tambala. Anaganiza pang'ono, nati anthu a kumudzi anali kubwela ambili panyumba paja, sangakumbuke onse. Akananena kuti pepani, sindidziwa kuti ndikanatani. Koma ananena zimenezo, ndipo nkhope yao inaonetsa kuti sakunama, anaiwaladi.

"Ndiye khalani pano mpaka mukumbuke, anti," ndinatelo. "Ife a ku Lundazi sitithamanga."

Nyengo yokolola itafika, atate aang'ono anawauza kuti zovala zisaolele m'nyumba, kuli bwino kuzitengela kumidzi kukasinthanitsa ndi chimanga monga achitila ena. Kumidzi kulibe minibasi. Anabweleka njinga ya atate, ndipo mai amene sanakwelepo njinga chibadwile anayamba kuphunzila pa bwalo la kuseli kwa chalichi, kugwa, kudzuka, zigongono zili zilondazilonda. Kumidziko nkhani yanga sinafike, ndiye anthu anali kugula. Koma kumeneko sulowa pakhomo pa munthu uli chiimilile. Anayenela kugwada, kuomba m'manja ndi kunena moni wa Chitumbuka uja, apo ayi palibe amene akanatulutsa chimanga m'nkhokwe.

Ndinawaona madzulo ena akubwela kuchokela njila ya ku Kapichila. Tayala linali litaphulika, ndiye anali kukankha njinga, matumba awili a chimanga atamangidwa kumbuyo, fumbi lofiila litafika m'maondo, milomo itauma gwa. Ine ndinali kukazinga nshawa pa mbaula. Ndinasiya kutakasa ndi kuwayang'ana kuchokela pamene anatulukila mpaka pamene anakhotela, ndipo nshawa zina zinapselela. Mtima wanga unazizila ngati ndamwa madzi a mumtsuko. Anthu ena amati kubwezela kumasiya mkamwa mowawa. Kwa ine sizinatelo, ndipo mpaka lelo ndikakumbuka madzulo amenewo ndimamva chimodzimodzi.

Anapilila nyengo ziwili za mvula. Atate aang'ono anali atasamukila kale kumudzi, kumene anayamba kulima fodya pa munda wa agogo, ndipo thupi linayamba kubwelela. Anti anawauza kuti asankhe, Lusaka kapena Lundazi. Iwo anayankha kuti fodya ali m'chigafa, sangamusiye. Choncho anti anatenga ana, nagulitsa mipando ya sofa ija kwa mphunzitsi wina, n'kubwelela kwa mkulu wao, amene tinamva kuti anali kukhala m'komboni, m'nyumba yosasiyana ndi zathu.

Tsiku lonyamuka anawapelekeza ku siteshoni anali amuna ao ndi amai anga basi. Ine sindinapite, ndinali ndi makasitomala. Minibasi ya ku Chipata inadutsa mseu wa kumbali kwa msika m'mawa, katundu ataunjikidwa pamwamba, ndipo azimai ena anaimilila kuti aione bwino. Isanafike n'komwe pa mphambano, mai wa usipa uja anandiitana kuti ndimuthandize kunyamula madengu ake. Benchi la pansi pa mtengo lija anali kulifuna kuyambila kale, chifukwa pamalo pake padzuwa usipa unali kuuma mopitilila ndi kuphwanyika.