Kuperekeza kwa a Atumani

Ku Nkope aliyense amadziwa kuti ukakacheza kwa a Atumani, kuperekeza kumatalika kuposa kucheza komweko. Ali mnyamata ankanyamula zikwama za alendo pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, ndipo kumeneko n'komwe anatengera kayendedwe kawo: msana wowongoka, chifuwa patsogolo, katundu wa mlendo m'manja mwawo. Ntchitoyo inatha kalekale, koma msanawo palibe anauuza.

Pakhonde ndi munthu wosowa nkhani. Amangofunsa za mvula ndi mtengo wa usipa basi. Koma akangolowa m'kanjira kopita kumsewu, lilime limamasuka. Ngakhale malemu akazi awo, mayi Awa, anawafunsira banja ali panjira. Ndipo satembenuka mpaka mlendo atanena yekha kuti, "Bwererani pano, mwatiperekeza." Chimwalirireni mayi Awa, alendo amachita kunena kawiri, chifukwa kunyumbako kulibe wowadikira.

Tsiku lina kunabwera Nuru, mwana wawo yekhayo, amene amagulitsa nsalu mumsika ku Mangochi. A Atumani anali ndi mawu amene anawasunga chilimwe chonse: nyumba yawakulira, akufuna akakhale naye kubomako. Mawu oterewa kwa iwo si onena mutakhala pamkeka, mukupenyana m'maso. Anawasungira panjira.

Nuru atatsanzika, bambowo anavala chisoti nanyamula thumba lake. Pomwepo njinga yamoto ya kabaza inadzaima pakhomo penipeni.

"Ndaiitana pafoni, ababa, kuti musavutike ndi miyendo yanuyo," anatero Nuru akulandira thumba lija.

"Tikanangoyendako pang'ono, mwana wanga."

"Ndi dzuwa ili? Khalani pamthunzi, ndidzakuimbirani."

Mwanayo ankawachitira chifundo, ndipo chifundocho n'chimene chinawapweteka. Njinga inanyamuka, fumbi n'kungoti kobo.

Poti chisoti anali atavala kale, anauyambabe ulendowo, msana wowongoka, m'manja mopanda kanthu. Anapitirira mzikiti, napitirira mjigo. Amayi otunga madzi anasuzumira uku ndi uku kuti aone mlendo wa lero, koma sanaone munthu. Mawu aja a Atumani anawanena ndithu, onse, motsitsa, monga momwe anawakonzera.

Atafika pamsewu anaima nthawi yaitali, minibasi zikungodutsa. Panalibe wowauza kuti abwerere.